Majumbo Amene Timataya Amakagona Kuti mu Mtsinje wa Bua?

Ife amene tinakulira ku Mchinji timadziwa kuti mvula yoyamba ikagwa, zinyalala za pamsika wa pa Boma kapena pa Kamwendo zimasowa, ndipo timati zapita ndi madzi. Koma jumbo siwola ngati khoko la nthochi. Dzuwa limaifwifwitsa, imang'ambika, kenako mchenga umaipera mpaka kusanduka tizidutswa tochepera mamilimita 5. Asayansi amatitchula kuti microplastics, dzina limene linafala mu 2004 chifukwa cha kafukufuku wa Richard Thompson wa ku yunivesite ya Plymouth ku England. Ulusi wothothoka pa zovala za polyester tikamachapa kumtsinje nawonso uli m'gulu lomweli.

Tizidutswati sitimwazika mofanana mumtsinje monse. Tengani Bua, amene amayambira m'mapiri a Mchinji n'kukathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota. Amene tinaphunzira Geography kusekondale tikukumbukira kuti pamene mtsinje wakhota, madzi a mbali yakunja amathamanga n'kumagumula gombe, pomwe a mbali yamkati amayenda mwaulesi n'kumasiya matope. Pamene pakutsala matope ndi pomwenso pulasitiki amatsala. Zidutswa za mabotolo a zakumwa zimalemera kuposa madzi, choncho sizichedwa kumira. Za jumbo zimayamba zayandama, koma ndere ndi dothi zikamatirira, nazonso zimatsikira pansi.

Chodetsa nkhawa kwathu kuno ndi madambo. Bua ndi mitsinje yothiramo monga Rusa imadutsa m'zigwa zathyathyathya, momwe madzi amasefukira n'kumayenda pang'onopang'ono pakati pa bango ndi udzu. Udzuwo umagwira ntchito ngati sefa. Madzi akaphwa, matope aja timawakonda chifukwa cha chonde, ndipo ndi momwe timalima madimba a tomato, mpiru ndi chimanga chachiwisi. Kunena zoona, ambirife polima timangochotsa majumbo ooneka ndi maso, osadziwa kuti khasu likukwirira tina tosaoneka.

Nanga madzi osefukira amatsuka mtsinje? Amangosamutsa vutolo. Ofufuza a yunivesite ya Manchester anapeza kuti kusefukira kwa mu 2015 ndi 2016 kunachotsa pafupifupi 70 peresenti ya tizidutswa timene tinali pansi pa mitsinje ya m'dera lawo, n'kutikankhira kumunsi. Kumunsi kwa Bua ndi kumene mpasa zochokera m'nyanja zimakwera kudzaswana, ndipo nsomba zimatha kumeza tizidutswa totere pamodzi ndi chakudya.

Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60, mu 2015, ndipo Khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Chiletso chingachepetse majumbo atsopano, koma sichingafukule amene anakwiririka kale. Amenewo amadikira m'matope mpaka chaka chimene mtsinje udzadzaze n'kugumulanso gombe.