Mafuta Amene Amayendetsa Loboti

Ana ambiri a ku Machinga ndi ku Balaka adaonapo katapila akukumba dothi pokonza msewu wa Liwonde–Mangochi kapena njanji yodutsa pa Nkaya. Dzanja lake limapindika ngati la munthu, koma limanyamula miyala yoti amuna khumi sangaisunthe. Kodi mphamvu yotereyi imachokera kuti? Chinsinsi chake chili m'mafuta.

Mafuta ali ngati madzi: ngakhale atapanikizidwa chotani, safinyika. Blaise Pascal wa ku France, amene adabadwa mu 1623, adapeza kuti madzi otsekeredwa akakankhidwa mbali imodzi, kukankhako kumafalikira mbali zonse mofanana.

M'katapila muli pampu imene imakankhira mafuta m'mapaipi mpaka mu silinda. Silinda ndi chitsulo chamng'oma chokhala ndi ndodo mkati. Mafuta akaloŵa kumbuyo kwa ndodoyo, iyo imatuluka, dzanja nkuyenda. Akaloŵa kutsogolo, ndodo imabwerera mkati. Mutu wa ndodo ukakhala wotakata, mphamvu yake imakulanso. Nchifukwa chake munthu mmodzi amatha kukweza lole ndi jeki ya mafuta.

Nzeru yomweyi ndiyo idayendetsa loboti yotchedwa Atlas, makina ooneka ngati munthu amene kampani ya Boston Dynamics ya ku America idaonetsa mu 2013. M'maondo, m'chiuno ndi m'mapeŵa mwake munali masilinda ang'onoang'ono ogwira ntchito ya minofu. Kompyuta inkatsegula ndi kutseka tizitseko ta mafuta mofulumira kwambiri, kuti mwendo uliwonse ulandire mphamvu yoyenera pa nthaŵi yake. Tizitsekoto tikachedwa pang'ono chabe, lobotiyo inkatha kugwa. Mu 2017 Atlas idadumpha, nitembenuka chagada m'malere, nkutera pa mapazi ake.

Komabe mafuta ali ndi mavuto ake. Paipi ikabooka, mafuta amatayika ndipo mphamvu imatheratu. Pampu nayo imalemera ndi kusokosera. Mu 2024 kampaniyo idapumitsa Atlas ya mafuta, nionetsa yatsopano yoyendera mamota a magetsi. Koma pa ntchito zolemetsa, monga kukumba misewu, mafuta akadali mfumu.

Mafunso
1. Kodi Pascal adapeza chiyani?
2. Fotokozani mmene ndodo ya silinda imayendera.
3. Tchulani mavuto aŵiri a makina oyendera mafuta.