Msonkho wanu ndi zida za asilikali: mfundo 8 zodzidzimutsa

Munthu wa ku Katondwe, m'boma la Luangwa ku Zambia, sachita kuuzidwa kufunika kwa asilikali. Akaima pagombe la Luangwa, tsidya linalo ndi Mozambique. Akatsetsereka ndi msewu mpaka ku Boma, kumene akuluakulu amakutchabe Feira, Zumbo ali apo, Kanyemba wa ku Zimbabwe ali uko. Kuno nkhondo za eni ake zinkagwera pakhomo. Choncho palibe akunena kuti boma lileke kugula zida. Funso ndi lakuti: zimene timalipirazo zimafika kodi, zimafika pa nthawi yake, nanga pa mtengo wanji?

1. Mumasonkha nawo ngakhale simunalembedwepo ntchito.
Ambiri amayesa kuti wokhoma msonkho ndi mphunzitsi kapena namwino amene amadulidwa PAYE pamalipiro. Ayi ndithu. Pa sopo, shuga, malata ndi simenti pali VAT ya 16 peresenti, ndipo pa talk time palinso wake msonkho. Mayi amene wakhalira bango sabata yonse kuluka mphasa, akaigulitsa pa mlatho wa Luangwa n'kulowa m'golosale, wasonkha kale. Msodzi wouma ndi dzuwa uja chimodzimodzi. M'ndege iliyonse ya Zambia imene itchulidwe m'munsimu muli kangachepe kawo.

2. Ndege zankhondo zinabwera nkhondo itatha.
Pa 6 March 1978 ndege ndi mahelikopita a boma la Ian Smith zinagwera msasa wa ZIPRA, gulu la Joshua Nkomo, ku Kavalamanja m'mbali mwa Zambezi, m'boma lathu lomwe lino. Kunafa omenyera ufulu a ku Zimbabwe, asilikali a Zambia ndi anthu wamba, midzi n'kubalalika. Mpaka lero anthu amasonkhana kumeneko mu March kukumbukira tsikulo. Chaka chotsatira adani omwewo anaphulitsa milatho ya Chambeshi, Chongwe ndi Lunsemfwa, akuuluka m'mlengalenga mwathu ngati kwawo.

Kenneth Kaunda anaona kuti manyazi akwana. Anagwirizana ndi Soviet Union zogula zida za madola pafupifupi 85 miliyoni, kuphatikizapo ndege 16 za MiG-21. Koma nkhaniyi inamveka kumayambiriro kwa 1980, pangano la mtendere la Lancaster House litasainidwa kale pa 21 December 1979. Pofika 18 April 1980 Zimbabwe inali pa ufulu. Tisamunamizire Kaunda: boma la tsankho la South Africa linali likadalipo, mantha anali oona. Komabe pa 19 May 1986 ndege za ku South Africa zinaponya mabomba ku Makeni, pafupi ndi Lusaka, n'kubwerera kwawo bwinobwino, ma MiG aja alipo. Ngongole yake ndiye inatsala nafe, mtengo wa kopa uli pansi.

3. Madola 20 miliyoni anatuluka, koma ngakhale chipolopolo chimodzi sichinafike.
Mu 1999, m'nthawi ya Frederick Chiluba, boma linapangana zogula zida ku kampani ya ku Bulgaria yotchedwa Teraton. Mkhalapakati anali wamalonda wa ku Congo, Raphael Soriano, amene ambiri amamudziwa kuti Katebe Katoto. Ndalama zoposa madola 20 miliyoni zinalowa m'mabanki a ku Belgium ndi ku Switzerland. Zida sizinaoneke.

Levy Mwanawasa anaitchula nkhaniyi m'nyumba ya malamulo mu July 2002 popempha kuti Chiluba achotsedwe chitetezo cha upulezidenti, koma tsatanetsatane wake tinakamumvera ku London. Kumeneko, pa 4 May 2007, woweruza Peter Smith anagamula kuti Chiluba, mkulu wa akazitape Xavier Chungu ndi anzawo anabera dziko madola pafupifupi 46 miliyoni, ndipo abweze ndalama. Mlandu womwewo unavundukula akaunti ya Zamtrop, imene inatsegulidwa ku London m'dzina la chitetezo cha dziko, kuti ndi imene inkalipira masuti ndi nsapato za zidendene zazitali pa sitolo ya Basile ku Geneva. Mawu akuti "chinsinsi cha chitetezo" ndiwo anali chotchinga. Mu 2009 khoti la ku Lusaka linapeza Chiluba wosalakwa pa mlandu wina wakuba, ndipo mu 2010 khoti lalikulu linakana kuti chigamulo cha ku London chigwire ntchito m'dziko muno.

4. Ndege imodzi inadya ndalama zoposa kanayi zimene zinagwetsa dziko pa ngongole.
M'nthawi ya Edgar Lungu, gulu la asilikali a m'mlengalenga la ZAF linagula ndege ya pulezidenti ya Gulfstream G650 pansi pa kontirakiti yokonzanso zida za asilikali imene inapatsidwa kwa Elbit Systems ya ku Israel. Boma la Hakainde Hichilema linadzaulula kuti ndegeyo, pamodzi ndi zida zoitetezera ku mizinga, inakwana madola pafupifupi 195 miliyoni, pamene yatsopano ya mtunduwo inkagulitsidwa cha m'ma 65 miliyoni. Tsono mu November 2020 Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole ya Eurobond, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kugwa pa ngongole m'nyengo ya Covid-19. Masamuwo achiteni nokha.

Mukafunsa wa kuno chimene akufuna kwa ZAF, sangatchule ndege ya mipando yachikopa. Anganene helikopita yotera pabwalo la mpira madzi akasefukira, kapena yothamangitsira ku Lusaka munthu amene ng'ona yamutafuna mwendo, masisitere a pa chipatala cha mishoni atachita mbali yawo.

5. Ku Malawi anagulitsa ndege kuti agule chimanga, ndalama n'kupita ku ngongole ya zida.
Bingu wa Mutharika anagula ndege ya Dassault Falcon mu 2009, a ku Britain n'kudula thandizo ndi mapaundi 3 miliyoni. Joyce Banda anaigulitsa mu 2013 pa madola 15 miliyoni, anthu n'kuuzidwa kuti zina mwa ndalamazo zigula chimanga. Pambuyo pake zinadziwika kuti ndalamazo sizinalowe n'komwe m'thumba la boma: wogulayo anali pa ubale ndi Paramount Group ya ku South Africa, imene dziko la Malawi linali nayo ngongole ya zida.

Chopweteka kwambiri chinadza pa 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Ofufuza a ku Germany anapeza kuti kachipangizo kolira ndege ikagwa, kuti opulumutsa aipeze msanga, kanali ndi batire lomwe linatha ntchito mu 2004. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira.

6. Kuba kwambiri sikukhala pa mfuti, kumakhala pa yunifomu ndi chakudya.
Mfuti amaiwerenga, ili ndi nambala. Nanga jombo, dizilo ndi zitini za nyemba ndani angazilondole? Kuno, Wilford Funjika, amene anali mkulu wa gulu la asilikali la ZNS, anapezeka wolakwa polandira mapaundi 15,000 kuchokera ku kampani imene inapatsidwa ntchito yobweretsa zovala za asilikali. Ku Malawi, bungwe lothana ndi katangale linati makampani a Zuneth Sattar anapeza makontirakiti oposa madola 150 miliyoni ku usilikali ndi kupolisi pakati pa 2017 ndi 2021, ndipo m'katundumo munali mapaketi a chakudya. Iye amakana kuti analakwa. Fungo lake anayamba kulinunkhiza ndi apolisi a ku Britain.

7. Msilikali wathu amabweretsanso ndalama.
Kuyambira 2015 Zambia ili ndi gulu la asilikali ku Birao, m'dziko la Central African Republic, pa ntchito yosungitsa mtendere. Bungwe la United Nations limabwezera boma madola oposa 1,400 pamwezi pa msilikali aliyense, n'kulipiranso magalimoto ndi zida zimene apita nazo, malinga zikhale zogwira ntchito poyendera. Apa ndiye kugula galimoto yabwino kumabweza phindu looneka.

8. Anansi athu anagula maboti, a ku Tanzania anabwezeredwa mabuku.
Wa ku Zumbo amene amaoloka kudzagula katundu ku Boma akukumbukira mmene metical inagwera mu 2016. Gwero lake linali ngongole zobisika za madola 2 biliyoni zimene makampani a boma la Mozambique, ProIndicus, EMATUM ndi MAM, anatenga mu 2013 ndi 2014, ati zotetezera gombe ndi kupha nsomba za tuna, aphungu osadziwa. Maboti 24 a nsomba anachita dzimbiri padoko la Maputo. Ofufuza a kampani ya Kroll analephera kulondola madola 500 miliyoni, ndipo nduna ya zachuma ya nthawiyo, Manuel Chang, inakapezeka yolakwa ku New York mu 2024.

Ya ku Tanzania inatha mwina. Mu 2001 boma la Tony Blair linalola kampani ya BAE kugulitsa kumeneko makina a radar a mapaundi 28 miliyoni, nduna yake Clare Short ikukana, akatswiri a zandege akunena kuti ndi okwera mtengo komanso osayenera ntchitoyo. Mkhalapakati yekha analandira madola pafupifupi 12 miliyoni. Mu December 2010 khoti la ku London linalipiritsa BAE chindapusa cha mapaundi 500,000, ndipo kampaniyo inapereka mapaundi 29.5 miliyoni kwa anthu a ku Tanzania, zogulira mabuku ndi madesiki a m'sukulu za pulayimale. Pa zonsezo BAE sinavomere mlandu wa ziphuphu. Inangovomera kuti sinalembe bwino mabuku ake a ndalama.