KUDZUTSA VANETI YAKALE: YAMBANI NDI MPHIRA ZA PANSI PA KABINI

M'mabwalo a nyumba zambiri ku Chipata, ku Katete ndi m'makomboni a Lusaka muli mavaneti akale amene akhala pa njerwa kwa zaka zambiri. Ena ndi Toyota Hilux, mtundu umene unayamba kupangidwa ku Japan mu 1968. Ena ndi Datsun 620 ya pakati pa 1972 ndi 1979. Banja likapeza kandalama ndi kuganiza zodzutsa galimoto yotere, maganizo amathamangira ku injini, ku matayala ndi ku penti. Koma pali tinthu tina tobisika timene tiyenera kuonedwa penti isanagulidwe, ndito mphira zimene kabini imakhalapo. Amakanika amazicha mamaunting'i.

Nchito ya mphirazi

Vaneti inapangidwa m'zigawo zitatu. Pansi pali chasisi, cimango ca zitsulo cimene cimasenza injini ndi mawilo. Pamwamba pake pali kabini, mmene mumakhala dalaivala, ndipo kumbuyo kuli bodi yonyamulira katundu. Kabini siinawocheredwe ku chasisi ai. Inamangidwa ndi mabauti, kawirikawiri pa malo anayi kapena asanu ndi limodzi, ndipo pa bauti iliyonse pali mphira ziwiri, ina pamwamba ina pansi, kapaipi kacitsulo pakati, ndi mawashala.

Anatero cifukwa chasisi imapindika pang'ono pamene wilo limodzi lalowa m'dzenje lina lili pa citunda. Mphira zimalandira kupindikako pamodzi ndi kunjenjemera kwa injini, kuti malata a kabini asang'ambike. Koma mphira imakalamba. Kutentha kumaiumitsa, oilo ndi dizilo zimaifewetsa, ndipo matope a dzinja amasunga madzi pa bauti kufikira dzimbiri litaidya. Mphira za galimoto ya mu 1984 zasenza kabini zaka zoposa 40.

Zizindikiro zakuti zatha

Zitseko zimayamba kugwa, ndipo sizitsekeka popanda kuzimenyetsa. Mukaima kumbuyo, muona kuti kabini yapendekera mbali imodzi, siilingana ndi bodi. Pa mabampu pamamveka kugogoda pansi pa mapazi. Nthawi zina ndodo ya magiya imakhudza m'mbali mwa dzenje lake, kapena galasi lakutsogolo limang'aluka popanda mwala kuligunda.

Izi sizocititsa manyazi cabe, ndi zoopsa. Ciongolero cinamangidwa ku kabini, koma bokosi lake lili pa chasisi. Mapaipi a mabuleki nawonso amacokera ku kabini kutsikira ku chasisi. Kabini ikamasendera uku ndi uku, ciongolero cimalimba ndipo mapaipi aja amapindika tsiku ndi tsiku mpaka kung'ambika. Ganizani za vaneti yodzaza matumba a cimanga ndi anthu, ikutsika mapiri a ku Luangwa pa mseu wa Great East, mabuleki nkusowa.

Palinso nkhani ya ndalama. Munthu akawongola zitseko ndi kupaka penti kabini ikali yopendekeka, tsiku limene adzasintha mphira mipata yonse ya zitseko idzasintha, ndipo nchito ija idzabwerezedwa.

Kukonzekera

Tsukani pansi pa galimoto, ndipo kwa masiku angapo muzithira mafuta omasulira dzimbiri pa bauti iliyonse. Kuona maso a nkhono nkudekha: bauti yokakamizidwa imaduka, ndipo nati ya mkati imene inawocheredwa ku lata ikathothoka, nchito ya tsiku limodzi imatenga sabata.

Imikani galimoto pa malo olimba ndi osalala, chingani mawilo ndi zipika, ndipo cotsani waya wa batire. Kenaka yang'anani zonse zimene zilumikiza kabini ku chasisi: ndodo ya ciongolero, mapaipi a mabuleki ndi a kilachi, cingwe ca handibuleki, mapaipi a redieta ndi mawaya a magetsi. Ciliconse cimene cingakokeke kabini ikakwera, cimasuleni. Pimani mpata wa pakati pa kabini ndi bodi mbali zonse ziwiri, ndipo lembani papepala.

Kasinthidwe kake

Mutu umodzi susenza denga. Mukhale awiri, wina pa jeke wina pa mabauti. Masulani mabauti onse pang'ono, koma mucotse a mbali imodzi yokha. A mbali inayo ndiwo agwira kabini kuti isasendere. Ikani thabwa lalitali ndi lokhuthala pakati pa jeke ndi pansi pa kabini, pamalo olimba, cifukwa mutu wa jeke pawokha umaboola lata. Kwezani pang'onopang'ono, masentimita ocepa cabe okwanira kuti mphira ituluke.

Apa ndiye pagona moyo. Kabini ikakwera, lowetsani cipika ca mtengo wolimba pakati pa iyo ndi chasisi musanagwire ciliconse. Musadalire jeke yokha, pakuti imatha kuphwa kapena kutsetsereka mosacenjeza. Mphira yakale ikankheni ndi citsulo, osati ndi zala. Ana akhale kutali.

Mukacotsa mphira, gogodani ndi hamala citsulo cimene inakhalapo, ndiponso lata la pansi pa kabini. Ngati dzimbiri ladya malowo, mphira yatsopano siithandiza kanthu. Pafunika kudula poolapo, kuwocherera citsulo cina ndi kupaka penti yoletsa dzimbiri. Moto wa wowocherera usayandikire thanki kapena mapaipi a mafuta. Sungani mawashala opyapyala amene mwapeza pa bauti iliyonse, ndipo muwabwezere pamalo pake, cifukwa ndiwo analinganiza kabini kufakitale.

Ikani mphira zatsopano, lowetsani mabauti ndi manja okha, tsitsani kabini, ndipo citani cimodzimodzi mbali inayo. Zonse zikalowa, yerekezani mipata ndi zimene munalemba, yesani kutseka zitseko, ndipo pamenepo mangani mabauti monga mwa muyeso wa m'buku la galimotoyo. Bwezerani zonse munamasula, yesani mabuleki ndi ciongolero galimoto isanatuluke pabwalo, ndipo mukayenda makilomita mazana angapo, onaninso mabautiwo.

Pogula zipangizo

Sinthani mphira zonse nthawi imodzi. Yatsopano imodzi pakati pa zophwatalala imapotoza kabini. Tengani yakale popita kusitolo, cifukwa za kutsogolo ndi za kumbuyo nthawi zambiri zimasiyana kukula. Mabauti odyeka muwataye, mugule okhala ndi nambala 8.8 pamutu pake kapena olingana ndi amene analipo.

Masiku ano kulinso zopangidwa ndi polyurethane. Zimakhalitsa ndipo siziopa oilo, koma ndi zolimba, motero kunjenjemera kumamveka kwambiri m'kabini. Pa miseu yathu ya magiravulo, mphira yeniyeni imasunga bwino malata akale.

Ambiri amadula tayala lakale ndi kuliika m'malo mwa mphira. Zidutswa zotere sizilingana kukhuthala, ndipo popanda kapaipi kapakati bauti imamasuka msanga. Zingakufikitseni kunyumba, koma zisakhalitse. Ndipo mmisiri akakuuzani kuti angowocherera kabini ku chasisi kuti kugogoda kuthe, kanani. Malata adzang'ambika pamalo ena.

Owerenga okondedwa, vaneti ya m'banja ndiyo imapita ndi mbeu kumsika ndi odwala kucipatala usiku. Mukaidzutsa, yambani ndi za pansi zimene anansi sadzaziona. Penti ibwere pambuyo.