Mabuku ena a m'foni ali ndi loko, sabwerekeka

MILANGE: Pamsika wa vila ya Milange kugawana nyimbo sikuvuta. Munthu amapereka memori kadi kwa anyamata a makompyuta, iwo namuikira nyimbo ndi mafilimu, ndipo dzuwa lisanalowe nyimbo yomweyo imakhala itawoloka kale malire mpaka ku Muloza. Ambiri amayesa kuti buku la m'foni nalo limayenda chomwecho. Ena amayendadi. Koma alipo mabuku ogula pa intaneti amene akafika m'foni ya mnzako amangoti duu, osatseguka.

Vuto si foni ayi, si netiweki ya Movitel kapena Vodacom. Ndi loko amene ogulitsa amaika m'bukumo, yemwe amamutcha DRM. Mawu a m'buku amawasokoneza dala, ndipo kiyi wowawongolera amamumangirira ku akaunti imene munthu anagulira. Wotumiza bukulo pa Bluetooth kapena pa WhatsApp wangopereka sutikesi, kiyi watsala.

Cholinga chake nchomveka. Olemba ndi osindikiza amadandaula kuti buku limodzi likagulidwa, anthu zikwi amalikopera osalipira kanthu. Dandaulo limeneli ndi loona. Koma chomvetsa chisoni nchakuti loko amavutitsa kwambiri munthu amene walipira ndalama zake.

Chifukwa chake nchakuti malokowa ndi osiyanasiyana, ndipo kiyi wa kampani ina satsegula loko wa inzake. Buku lokhoma la Amazon limatseguka pa makina a Kindle kapena m'pulogalamu ya Kindle basi. La Apple limafuna foni kapena kompyuta ya Apple, pamene mafoni ofala kuno, monga Itel ndi Tecno, ndi a Android. Masitolo ena ambiri amagwiritsa ntchito loko wa kampani ya Adobe, yemwe amalola makina asanu ndi amodzi okha pa akaunti imodzi, ndipo Kindle samudziwa nkomwe.

Malamulo amenewa anawapangira munthu wokhala ndi foni yakeyake, imelo yake ndi khadi lake la kubanki. M'midzi ya kuno zinthu siziri choncho. Foni imodzi imatumikira banja lonse. Ambiri amagula foni yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo akaunti amawatsegulira ndi mnyamata wa pamsika, amene mawa lake waiwala kale nambala yachinsinsi. Foni ikabedwa, ikagwera m'madzi kapena ikagulitsidwa mu Febuluwale kuti apeze ufa, mphunzitsi kapena mwana wa sekondale amene anagula buku sangathe kulitsegulanso ngati akauntiyo yatayika, ngakhale fayilo ikhale ili m'memori kadi yake. Buku la pepala lija limachoka kwa mkulu kupita kwa mng'ono mpaka chikuto chitatheratu. Ili silipita kwa aliyense.

Ndipo ngakhale akaunti isungike bwino, kiyi weniweni amakhalabe m'manja mwa kampani. Mu Julaye 2009 Amazon inafufuta buku la George Orwell lotchedwa 1984 m'makina a anthu amene anali atagula kale, itaona kuti amene analiika m'sitolo analibe chilolezo. Inabweza ndalama, koma anthu anangodzuka buku palibe. M'chaka cha 2019 Microsoft inatseka sitolo yake ya mabuku, ndipo kuyambira mu Julaye chaka chomwecho mabuku onse ogulidwa kumeneko analeka kutseguka. Nayonso inabweza ndalama. Pa 26 Febuluwale 2025 Amazon inachotsa njira imene anthu ankatsitsira mabuku awo pa kompyuta kuti awasunge okha.

Anthu osaona ndiwo amapwetekeka koposa. Iwo amadalira pulogalamu yowawerengera mokweza, koma loko wina amaikaniza kufika pa mawu. Nchifukwa chake mayiko anagwirizana pangano la ku Marrakesh mu 2013, lolola kuti mabuku asandutsidwe m'njira imene osaona angawerenge popanda kupempha kaye mwini buku. Dziko la Malawi linalowa m'panganoli mu 2017.

Si mabuku onse amene ali ndi loko. African Storybook, ntchito ya bungwe la Saide la ku South Africa, imapereka nthano za ana kwaulere m'zilankhulo zambiri za mu Africa, Chinyanja ndi Chipwitikizi zili momwemo, ndipo munthu ndi wololedwa kuzitsitsa, kuzisindikiza ndi kugawira anzake. Mabuku otere amayenda pa memori kadi ngati nyimbo.

Asanatulutse ndalama, wogula ayenera kufunsa ngati bukulo lili ndi DRM, ngati litseguka pa foni ya mtundu wake, komanso ngati liwerengeka kumalo kopanda netiweki. Nambala yachinsinsi ya akaunti ailembe m'kope ndi kuisunga pamodzi ndi chitupa.