Liu la Citaliyana lakuti "truffa": cinyengo comwe wocenjeretsedwa amapereka yekha cuma cake

Cinenero ca Citaliyana ciri ndi mau angapo okamba za kunama. Bodza wamba amati "bugia". Cinyengo ca mtundu uliwonse, ngakhale ca m'cikondi, amati "inganno". Koma pamene cinyengoco calanda munthu ndalama kapena katundu, liu lake ndi "truffa". Wocita zotere amachedwa "truffatore", ndipo wocenjeretsedwayo ndi "truffato".

Liuli lisiyana ndi kuba, komwe Ataliyana amati "furto". Mbala imatenga cinthu mwini wake osafuna kapena osadziwa. Pa "truffa" palibe kuthyola citseko. Mwini cuma amapereka yekha ndi manja ake, cifukwa wakhulupirira nkhani yomwe yakonzedwa mwa ukatswiri.

Kusiyanaku kulinso m'malamulo a dziko la Italy. Gawo 640 la buku la malamulo a milandu, lomwe linakhazikitsidwa m'caka ca 1930, limati munthu ali ndi mlandu wa "truffa" ngati wasoceretsa mnzake ndi macenjera kuti apeze phindu losayenera, mnzakeyo ndi kuluza. Cilango cake coyambira ndi ukaidi wa miyezi 6 kufikira zaka 3, pamodzi ndi faindi. Motero bwalo la milandu limafuna kuona macenjerawo, phindulo, ndi zomwe winayo wataya.

Liuli linalowanso m'ndale. M'caka ca 1953 boma la nduna yaikulu Alcide De Gasperi linabweretsa lamulo lakuti zipani zogwirizana zikapeza mavoti opitirira theka, zipatsidwe mipando 380 mwa mipando 590 ya m'nyumba ya malamulo. Zipani zotsutsa zinalicha "legge truffa", kutanthauza lamulo lacinyengo. Pa masankho a pa 7 June caka comweco, mgwirizano wa boma unapeza mavoti 49.8 pa 100 alionse, ndipo unalephera pang'ono cabe kulandira mipando yoonjezerayo. Lamulolo linafafanizidwa mu 1954, koma dzinalo lidakalipo m'mabuku a mbiri ya dzikolo.

Nawo a zisudzo analigwiritsa nchito. Mu kanema wa 1961 wochedwa Totòtruffa 62, katswiri wa nthabwala Totò amanamizira kukhala mwini wa kasupe wochuka wa Trevi mu mzinda wa Rome, ndi kumugulitsa kwa mlendo wocokera ku America. Anthu amaseka cifukwa wogulayo akupereka ndalama mokondwa, poganiza kuti wapeza mwai.

Masiku ano liuli limamveka kwambiri pa nkhani za okalamba. Pa cinyengo cochedwa "truffa del finto nipote", munthu amaimba lamya ndi kudzicha mdzukulu amene ali pa mavuto, kapena wapolisi wonena kuti mwana wa m'banjamo wacita ngozi ya pa mseu ndipo pafunika ndalama mwamsanga. Posakhalitsa mnzake wa woimbayo amafika pakhomo kudzatenga ndalama ndi ndolo zagolide. Apolisi a ku Italy amalangiza okalamba kuti adule lamyayo, aimbire m'bale wochulidwayo pa nambala yomwe aidziwa kale, ndipo ngati akukaikabe aimbe 112 asanatsegulire munthu aliyense.