Kodi mumadziwa? Chingwe chimene chinapulumutsa mtundu wa a Howland

Kodi mumadziwa kuti atsogoleri atatu a dziko la America, Franklin D. Roosevelt, George H. W. Bush ndi mwana wake George W. Bush, sakadabadwa pakadapanda chingwe chimodzi cha pa sitima? Kholo lawo, John Howland, anali mmodzi mwa anthu 102 amene anachoka ku England mu 1620 pa sitima ya Mayflower. Anakwera ngati wantchito wa John Carver. Ali pakati pa nyanja ya Atlantic kunabuka namondwe. Mnyamatayo atangotulukira pamwamba, sitima inapendekeka, iye khuvuu m'madzi. Dzanja lake linapeza chingwe cha matanga chimene chinkakhwekhwereka m'nyanjamo, ndipo anakakamira pomwepo ngakhale mafunde anamumiza, mpaka amalinyero anamukoka n'kumukola ndi ndodo ya ngowe.

Kodi mumadziwa kuti kumene anafikira ku Plymouth kunali mudzi wa anthu kale? Unali Patuxet, mudzi wa mtundu wa Wampanoag, umene mliri unasesa zaka zochepa sitimayo isanafike.

Nanga za mkazi wa John Howland? Elizabeth Tilley anakwera sitima yomweyo ali ndi zaka 13, pamodzi ndi bambo ake, mayi ake, bambo ake aang'ono ndi akazi awo. Chisanu choyamba chinapha pafupifupi theka la alendowo, ndipo onse anayi anali m'gulu la omwalira. Ine nkhani ya chingwe ija imandisangalatsa, koma imene imandikhudza mtima ndi ya msungwanayu, wotsala yekhayekha kutsidya la nyanja, wopanda ndi mmodzi yemwe womutchula kuti mwana wanga. Atakula anakwatiwa ndi John, anabereka ana 10, onse anakula n'kumanga mabanja, ndipo adzukulu anapitirira 80.

Kodi mumadziwa kuti mwala wa pamanda unanama? Kwa zaka zambiri mbumba ya a Howland inkakhulupirira kuti Elizabeth anali mwana wa bwanamkubwa John Carver uja, mpaka zimenezi zinazokotedwa pa chipilala cha John. Chinawongola nkhani ndi buku lolembedwa pamanja la William Bradford, mmodzi mwa alendowo, lotchedwa Of Plymouth Plantation. Bukuli linasowa pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu wa America, ndipo linadzapezeka m'ma 1850 m'nyumba ya mabuku ya bishopu wa London ku Fulham Palace. Linabwezedwa ku Massachusetts mu 1897. M'menemo Bradford anandandalika onse amene anakwera sitimayo banja ndi banja, ndipo Elizabeth anabwezeredwa kwa makolo ake enieni, John ndi Joan Tilley.

Msampha wina kwa ofufuza mibadwo ndi kalendala. Zolembedwa za ku Plymouth zimati John Howland anamwalira mu February 1672, koma masiku amenewo Angerezi ankayamba chaka pa 25 March. Mwa kawerengedwe kathu, chaka chake ndi 1673.

Kodi mumadziwa kuti nyumba ya Jabez, mwana wa John ndi Elizabeth, yomangidwa cha m'ma 1667, ikadalipo mumsewu wa Sandwich ku Plymouth? M'tauni yonseyo ndi yokhayo yotsala imene munagonapo anthu a pa Mayflower. Elizabeth anakhalamo mwamuna wake atamwalira, kenaka anasamukira kwa mwana wake wamkazi Lydia ku Swansea, kumene anamwalirira mu December 1687 ali ndi zaka 80.