Mkangano wa malipiro oyambira m'mafamu a ku Glendale

GLENDALE, Zimbabwe: Ku Glendale, m'boma la Mazowe m'chigawo cha Mashonaland Central, nkhani ya malipiro a ogwira ntchito m'mafamu ndi yakale. Ambiri mwa okhudzidwa ndi ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, omwe ena anabwera kudzera ku Mthandizi m'nthawi ya atsamunda.

Akatswiri ena a zachuma amanena kuti lamulo lokhazikitsa malipiro oyambira liyenera kuthetsedwa, ati chifukwa limapweteka osauka omwe likufuna kuwateteza. Iwo amati mlimi amalemba munthu ntchito pokhapokha ngati phindu la ntchito yakeyo likuposa malipiro. Boma likakweza malipiro kupyola pamenepo, mlimi amachepetsa antchito, amagula makina, kapena amangolemba aganyu. Otsala pantchito amapindula, koma ochotsedwa, makamaka amayi, achinyamata ndi osaphunzira, amatsala chimanjamanja.

Iwo amapereka chitsanzo cha Zimbabwe momwemo. Dzikoli litalandira ufulu mu 1980, boma la Robert Mugabe linalamula kuti wantchito wa m'famu azilandira madola 30 a Zimbabwe pamwezi, ndipo mu 1982 ndalamazi zinakwera kufika madola 50. Boma linaletsanso kuchotsa wantchito popanda chilolezo cha unduna. M'zaka zotsatira chiwerengero cha antchito okhazikika m'mafamu chinatsika, pamene cha aganyu chinakwera. Kafukufuku wa Peter Fallon ndi Robert Lucas wa mu 1991 anapeza kuti malamulo oletsa kuchotsa antchito anachepetsa kulembedwa ntchito m'mafakitale a Zimbabwe ndi India. Nako ku South Africa, malipiro oyambira atakhazikitsidwa m'mafamu mu 2003, ofufuza anapeza kuti malipiro anakweradi koma ntchito zinachepa.

Komabe otsutsa maganizowa amakumbutsa kuti chilala cha 1982 mpaka 1984 chinathandizira kuchepetsa ntchitozo. Amatinso wantchito wa m'famu sali pamsika womasuka. Nyumba yake ili m'komboni ya bwana, ana ake amaphunzira pasukulu ya pafamu pomwepo, choncho kukana malipiro ochepa ndiko kutaya pogona. Pansi pa lamulo la Masters and Servants la 1901 panalibe malipiro oyambira, koma umphawi m'makomboni unali wadzaoneni. Kafukufuku wa David Card ndi Alan Krueger wa mu 1994 ku New Jersey anasonyezanso kuti kukweza malipiro pang'ono sikuti nthawi zonse kumathetsa ntchito.

Chiyambire zaka za m'ma 1990, pamene dzikoli linatsata ndondomeko ya zachuma ya ESAP, malipiro a m'mafamu amakambidwa m'khonsolo ya National Employment Council ya zaulimi, momwe mumakhala olemba ntchito ndi mabungwe a antchito monga GAPWUZ. Koma chomwe chinagwedeza kwambiri mabanja a ku Mazowe ndi kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000. Lipoti la Lloyd Sachikonye la mu 2003 linayerekeza kuti antchito pafupifupi 200,000 anachotsedwa ntchito m'dziko lonselo, ndipo ochepa okha ndiwo anagawiridwa malo. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri opanda dziko, kufikira malamulo aakulu a 2013 atabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe omwe makolo awo ndi a m'maiko a SADC. Mu 2008 kukwera mitengo kunafika poti malipiro ogwirizana lero ankasanduka opanda pake sabata isanathe.

Ambiri mwa anthuwa tsopano amadalira ganyu kwa alimi atsopano kapena kukumba golide m'chigwa cha Mazowe, komwe lamulo la malipiro silifika kwenikweni. Kwa iwo, kulithetsa kapena kulisunga kungasinthe zochepa ngati alibe munda, chiphaso cha unzika ndi olemba ntchito ambiri oti n'kusankhapo.